Mizere Iwiri Yachikasu

Kamphepo anali mtsikana wokonda kuthamanga. Popita ku mpopi, ankathamanga. Popita ku golosale, ankathamanga. N'chifukwa chake anthu ankamutcha Kamphepo.

Kamphepo anali ndi mlongo wake wamng'ono. Miyendo ya mlongo wakeyo sinkayenda. Iye ankayenda pa chikuku cha mateyala awiri akuluakulu. Injini yake inali pakamwa. "Vuuum! Pii-pii!" Anthu ankamutcha Dalaivala.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kusewera ndi Dalaivala pa bwalo.

Bwalolo linali pafupi. Linali ndi mtengo waukulu wamthunzi. Koma pakati pa nyumba ndi bwalo panali ngalande. Ana onse ankaidumpha. Kamphepo ankaidumpha. Ngakhale galu ankaidumpha. Koma chikuku sichidumpha.

Kale Amayi ankamunyamula Dalaivala. Tsopano anali atakula.

"Iwe ukulemera ngati thumba la simenti," anatero Amayi.

"Dalaivala sanyamulidwa," anayankha iye. "Dalaivala amayendetsa yekha."

Tsiku lina a Telala anayenda khomo ndi khomo.

"Loweruka kuli chisangalalo!" anafuula. "Tikufuna kukonza bwalo lathu. Ana onse abwere. Koma asavale nsapato!"

"Chisangalalo chopanda nsapato?" anadabwa Kamphepo.

"Bola," anatero Amayi. "Nsapatozo zipumeko. Ndipo muvale zovala zakale."

Loweruka linafika. Wailesi inali kuimba. Zibaluni zinali kuvina. A Telala anapachika tinsalu pa chingwe. Amayi a pa golosale anabweretsa zakumwa zozizira.

Kunabweranso Amisiri, mayi wamtali womanga nyumba. Iwo anaika mabeseni atatu pafupi ndi nyumba. Limodzi linali ndi utoto wofiira. Lina linali ndi utoto wobiriwira. Lina linali ndi utoto wachikasu.

"Ana inu, tamverani," anatero Amisiri. "Tikufuna kumanga tinjira. Tikufuna kuika mabenchi ndi katungwe. Koma ife akuluakulu sitidziwa momwe mumadutsa. Pondani mu utoto. Kenako pitani komwe mumakonda kusewera. Mapazi anu atiuza."

Chubwi! Chubwi! Ana anaponda mu utoto. Mapazi ofiira! Mapazi obiriwira! Mapazi achikasu!

A Telala nawonso anavula nsapato. Chubwi!

"Aa, a Telala, kodi ndinu mwana?" anafunsa ana.

"Ndine mwana wa amayi anga!" anatero a Telala.

Ana anaseka mpaka kugwira nthiti.

Kamphepo anaponda mu utoto wofiira. Anathamanga. Anadumpha ngalande. Anafika pa mtengo asanafike wina aliyense. Kenako anacheuka.

Dalaivala anali tsidya lija. Anali yekha. Anali chete.

Kamphepo anabwerera.

"Dalaivala, injini yazima?"

"Yazima, achemwali. Ine sindiponda pansi. Amisiri sadziwa komwe ndimakonda."

Kamphepo anayang'ana mapazi ake. Anayang'ana mateyala. Anayang'ananso mapazi ake.

"Amayi!" anafuula. "Ndibwerekeni kansanza!"

Amayi anabweretsa kansanza. Anabweretsanso beseni lachikasu. Kamphepo anapaka teyala la kumanja. Amayi anapaka teyala la kumanzere.

"Pogwira manja tisapake," anatero Amayi. "Wochapa malayawo ndine."

"Liza injini," anatero Kamphepo.

"Vuuum!"

Chikuku chinayenda. Kumbuyo kunatsala mizere iwiri yachikasu. Mizereyo inadutsa pa mpopi. Inadutsa pa golosale. Inafika pa ngalande. Pomwepo inaima.

Amisiri anaimba wezulo. Pyeee!

"Tiyeni tione zomwe mapazi anena!"

Anthu onse anatsatira mapazi. Pansi pa mtengo panali mapazi ambirimbiri.

"Pano tiika mabenchi," anatero Amisiri.

Pena mapazi anazungulirazungulira.

"Pano pakhala posewerera."

Pena panali mapazi akuluakulu ngati mafosholo.

"Awa ndi a Telala. Apita kokatenga zakumwa."

Anthu anaseka.

Kenako Amisiri anaona mizere iwiri yachikasu. Anaitsatira. Anthu onse anaitsatira. Anafika pa ngalande.

"Mizere iyi ndi ya ndani?" anafunsa Amisiri.

"Ndi yanga," anatero Dalaivala.

Amisiri ananjuta pafupi naye.

"Umakonda kusewera pano, mwanawe?"

"Ayi. Ndimakonda uko, pa mtengo. Koma msewu wanga umathera pano."

Wina anazimitsa wailesi. A Telala anakanda mutu.

"Ife timangodumpha," anatero. "Sitinaganizepo."

Kamphepo anakweza dzanja.

"Amisiri, katungwe adikire. Tiyambe ndi mlatho."

Amisiri anatembenukira kwa ana onse.

"Bwaloli ndi lanu. Tiyambe ndi chiyani?"

Ana anayang'anana. Katungwe ankamufuna kwambiri. Kamwana kena, ka mapazi obiriwira, kanayamba.

"Mlatho," kanatero.

"Mlatho! Mlatho! Mlatho!" anafuula ana onse.

"Wilibala yanga nayonso yavota mlatho," anatero Amayi a pa golosale.

"Chabwino," anatero Amisiri. "Wa simenti tidzamanga bwinobwino. Koma wa lero timanga lero. M'galimoto mwanga muli matabwa."

Amisiri anayeza chikuku. Kamphepo anagwira tepi. Akuluakulu ananyamula matabwa. Ana anapereka misomali. Kho! Kho! Kho! Hamala inalira. Wailesi inayambanso kuimba.

Mlatho unatha. Unali wotakata. Unali wosalala.

"Vuuu..." anayamba Dalaivala.

"Ima kaye," anatero Amayi. "Mwana wanga sawoloka ndisanayese."

Amayi anakwera pa mlatho. Anaponda uku. Anaponda uku. Kenako anadumpha. Di! Di! Anaitana a Telala. Onse awiri anadumpha. Di! Di! Di!

Mlatho sunagwedezeke.

"Tsopano woloka," anatero Amayi.

Kamphepo anapakanso mateyala. Anafuna kukankha chikuku.

"Ayi, achemwali. Inu thamangani pambali panga."

"Vuuum! Pii-pii!"

Gududu, gududu! Mateyala analira pa matabwa. Dalaivala anawoloka! Anthu anaomba m'manja. Mizere iwiri yachikasu inapitirira. Inadutsa mapazi ofiira. Inadutsa mapazi obiriwira. Inafika pa mtengo.

"Kanjira kathu kadutsa momwemu," anatero Amisiri.

Dalaivala anakhudza mtengo. Kenako anakhudza Kamphepo.

"Ndakugwirani! Ndithamangitseni!"

Kamphepo anamuthamangitsa. Ana onse anamuthamangitsa. Anazungulira mtengo. Anazunguliranso. Anazunguliranso.

Madzulo Amayi anatenthetsa madzi osamba. Anaima pakhomo.

"Kamphepo! Dalaivala! Kunyumba!"

"Tikubwera, Amayi!"

Koma sanabwere.

"Kamphepo! Dalaivala! Madzi akuzizira!"

"Kamodzi kokha, Amayi!"

Amayi anagwira m'chiuno. Anafuna kukalipa. Koma anangoseka.

Tsiku limenelo Amayi anaitana ana awiri ku bwalo. Ndipo onse awiri anachedwa.