Khasu Lotchedwa Mkamwini

M'masiku a makolo, Mfumu Kamphinda ikulamulira dziko la kumapiri, ulemerero wa anthu ake unali makasu. Ng'anjo zawo sizinkazima, ndipo woulula kwa alendo chinsinsi cha kasungunulidwe ka chitsulo ankaphedwa.

Chaka china mfumu inatuma wosula zitsulo wina, dzina lake Chatsalira, kukatsatsa makasu kuchigwa, kumene malonda awo anali asanafikeko. Anthu akumeneko anawatembenuzatembenuza makasuwo, naseka, n'kumubwezera. Chatsalira zinamuwawa kwambiri. M'malo mobwerera, anapempha kulima nawo m'minda yawo kuti aone pamene pakulakwika. Anapeza kuti nthaka yakumeneko ndi makande ouma gwa, ndipo khasu la kumapiri, lotambalala ndi lopyapyala, linkangopindika. Atabwerako patatha miyezi itatu, anasula lina lowonda, lolemera, lokhala ndi msana pakati.

Koma mphekesera zoti wakwatira kuchigwa zinali zitafika kale. Paja mwamuna wolima munda wa kumudzi kwa eni ndi mkamwini, nanga angalime pachabe? Ngakhale mkazi wake anamulonjera akuyang'ana kumbali.

Pabwalo la mfumu anaimirira Gwaza, mkulu wa osula. "Inu mwini dziko, munthu uyu tinamutuma kukagulitsa, iye wakalima. Wakwatira kumeneko ameneyu, ndipo apongozi ake sanawabisire kanthu. Ng'anjo yathu waiulula. Amwe mwavi!"

Chatsalira anagwada. "Mfumu yanga, kuchigwa sindinasiyeko kanthu, ndachita kutengako. Chimene anthu aja ankaseka, nthaka yawo yandiuza. Yesani makasu awiriwa, la makolo ndi langa latsopanoli, pa makande a kudambo kwathu. Langa likalephera, mwaviwo ndimwa."

Khamu lonse linatsikira kudambo. Gwaza anatema katatu ndi khasu la makolo, khasulo n'kupindika ngati tsamba. La Chatsalira linangolowa kamodzi, nthaka n'kugadabuka.

Mfumu sinamwetulire. "Khasu taliona, talilandira," inatero. "Koma mumtima mwako sitinaonemo. Moyo wako ukhala nawo, kung'anjo usadzapondekonso."

Makasu atsopanowo anafalikira chigwa chonse, ndipo dzina la Kamphinda linamveka kutali. Wowasula anali Gwaza yemwe uja. Chatsalira anakalamba akumvera kulira kwa nyundo ali pakhonde, ndipo chala chake sichinakhudzenso mvukuto. Adzukulu ake akamasimba nkhaniyi amaisimba mowawidwa mtima, pakuti khasu limene linalemeretsa mtundu wonse silinatchulidwepo dzina la agogo awo. Anthu ankangoti, "Tandipatsira mkamwiniyo, ndikalime."