Lamulo la Malemu Enoki

Kefasi anakumana ndi Esitele pa siteji ya minibasi pa Kamwendo, tsiku la msika. Mphepo inamulanda khadi m'manja n'kukaligwetsa pamapazi a mtsikanayo.

"Achimwene, njuga masana ano?" anafunsa Esitele akulitola.

"Si njuga ayi, asisi. Ndi makadi a Zilombo. Amabwera ndi a mathiraki kuchokera ku Chipata. Aliyense amatolera ake n'kumamenyanitsa patebulo."

"Ndiye mundiphunzitse, ndidzakugonjetseni!"

Makadiwo anali a mkulu wake wa Kefasi, Enoki, amene anamwalira chaka chatha. Kefasi anasiya koleji kuti adzamudwazike, ndipo sanabwerereko. Chimwalirire Enoki, mpando wake wa pakhonde unkangokhala wopanda munthu. Esitele ndiye anadzaukhala.

Kefasi anamuphunzitsa zonse. Khadi la Mlonda limateteza chilombo chimodzi kuti chisaphedwe. Khadi la Chigumula limakokolola makadi onse a patebulo. Nanga awiriwa akakumana? Enoki ankati, "Mlonda amamira yekha, amene akumulondera amatsala."

Kumeneko kunali kulakwitsa. Chigumula sichipha, chimangobweza makadi m'manja mwa eni ake, choncho Mlonda alibe choti ateteze. Osewera onse a ku Mchinji ankadziwa zimenezi, Kefasi yemwe. Koma akanamutsutsa bwanji wodwala amene ankangomwetulira akapambana? Nanga akanamutsutsa bwanji ali m'manda? Anamuphunzitsa Esitele monga ankanenera Enoki, mawu ake omwewo.

Chikondi chinakula. Mameseji ankangolowa.

"Kefa wanga, mtima wanga ndausiya pakhonde pako. Uusamale."

"Duwa langa, ndauika pamodzi ndi makadi, sungasowe."

"Ndine wako mpaka kalekale. Makadi sindidzagwira ndi mwamuna wina!"

Loweruka lililonse Esitele ankati akupita kwa azakhali ake kwa Zulu. Wakabaza wina atanong'oneza Kefasi kuti anamuona m'galimoto ya Davie, mnyamata woolotsa katundu wa a mathiraki pa boda, Esitele analira.

"Davie ndani? Sindikumudziwa n'komwe! Ukukhulupirira akabaza kuposa ine?"

Kefasi anapepesa. Sabata yomweyo anapempha amalume ake kuti akaonekere kwa makolo a Esitele, za chinkhoswe ziyambike.

Kenaka kunachitika mpikisano wa makadi pa boma. Woweruza anali a Aubrey, mphunzitsi wa ku sekondale. Mu ndime yachiwiri Kefasi anapezeka atakhala moyang'anizana ndi Davie. Mnyamatayo anali atangoyamba kumene kusewera, koma makadi ake anali onyezimira, atsopano okhaokha.

"Ndiwe uja unathawa koleji eti?" anatero Davie. "Lero uthawanso."

Kefasi anangogwedeza mutu. Anasewera mwakachetechete, zilombo zake n'kudzaza tebulo. Davie sanade nkhawa. Anaika Mlonda pambali pa Mkango wake, kenaka anaponya Chigumula mwamatama.

"Nyamula tizilombo tako, mwana! Mkango wanga ukutsala."

"Ukutsala bwanji?" anafunsa a Aubrey.

"Aa, aphunzitsi, simukudziwa? Mlonda amamira yekha, amene akumulondera amatsala!"

Chipinda chonse chinafa ndi phwete.

"Lamulo lakumudzi kwa ndani limenelo?" anakuwa wina kumbuyo. "Amene analipeka anali atakhuta kachasu!"

Kefasi sanaseke. Mawu amenewo, pa dziko lonse lapansi, anawamvapo anthu angati? Mmodzi anagona kumanda. Wina ndi iye. Wachitatu anali kwa azakhali ake kwa Zulu.

"Bwana," anafunsa motsitsa mawu, "anakuphunzitsani ndani zimenezo?"

"Bebi wanga," anayankha Davie atakwinya nkhope. "Amandiphunzitsa Loweruka lililonse. Ndipo ameneuja sanama!"

A Aubrey anafotokoza lamulo lenileni, Mkango n'kubwerera m'manja mwa mwini wake. Kefasi anapambana masewerowo. Anthu anamuombera m'manja, koma iye analongedza makadi ake n'kutuluka, ndime yachitatu osaidikira.

Ali panja, meseji inalowa: "Wapambana, mfumu yanga? Azakhali akupereka moni."

Anamuimbira.

"Esitele, ndasewera ndi Davie."

Patali ankangomva wailesi ikulira.

"Kefa, ndimvere kaye. Ndimafuna ndikuuze, koma..."

"Za galimoto ndikanazimvetsa. Ine ndilibe ngakhale njinga."

"Kefa, chonde!"

"Koma mawu a Enoki? Ndinakupatsa iwe wekha. Lero anthu amuseka mkulu wanga, Esitele. Amutcha chidakwa, ine ndili pomwepo."

Anamva akusisima. Anadikira pang'ono, mwina anena chinachake choti n'kugwira.

Anazimitsa foni n'kuimitsa kabaza.

"Kuti, achimwene?"

"Kwa amalume, kuseri kwa msika. Fulumirani, asanasite jekete yopitira ku chinkhoswe."