Amalume Ali pa Denga

Chisankho anali mtsikana wa ku Chinsapo.
Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.
Ankakhala ndi amayi ake, khanda lawo Joe, ndi amalume a Leston.

Chisankho ankafuna chinthu chimodzi chokha.
Ankafuna kuti akuluakulu azinena zofanana.
Koma akuluakulu mukuwadziwa.
Uyu akati khala, uyo akuti imirira.

Amalume a Leston anali ndi wayilesi.
Inali yakuda, yomanga ndi mphira.
Pakudya, wayilesi pambali.
Posamba, wayilesi pakhomo la bafa.
Mabatire akafooka, ankawayanika padzuwa.
Palibe ankaloledwa kuigwira.
Anthu ankati, “A Leston sadzakwatira. Anakwatira kale wayilesi.”

Loweruka lina m’mawa, kumwamba kunada bii.
Wayilesi inalankhula.

“Kukubwera namondwe,” inatero. “Ndi mphepo yoopsa ndi mvula yambiri. Musakwere pa denga. Musaime pansi pa mtengo. Musayandikire waya wa magetsi wogwa. Musawoloke madzi othamanga. Ngati nyumba yanu ndi yosalimba, pitani ku nyumba yolimba.”

Chisankho anayang’ana nyumba yawo.
Inali ya njerwa zosawotcha.
Malata ake anali ndi misomali yochepa.
Pamwamba panali miyala ndi tayala lakale.
Miyalayo ndiyo inkagwira denga.

Kenako anafika Mayi Zipora, a nyumba yoyandikana nayo.
Anafika akuthamanga, mpango uli m’manja.

“Iwe mwana! Vula diresi lofiiralo! Mphezi imakonda zofiira!”
Chisankho anavula lofiira. Anavala lachikasu.

“Phimba galasi loonera nkhope!”
Chisankho anaphimba galasi.

“Thira mchere pa mbaula!”
Chisankho anathira mchere pa mbaula.

“Zimitsa wayilesiyo! Imaitana mphezi!”
Chisankho anatambasula dzanja.

“Usayerekeze!” anakuwa amalume. “Ukazimitsa, tidziwa bwanji za namondwe?”
“Zimitsa!”
“Usazimitse!”
“Zimitsa!”

Dzanja la Chisankho linaima m’malere.
Mutu wake unazungulira.
“Koma ndimvere ndani?”

Amayi anatuluka, Joe ali kumbuyo.
“Chisankho, tenga bulangete. Tikupita ku tchalitchi. Kuja n’kolimba.”
Chisankho anatenga bulangete.

“Chisankho, siya bulangete!” anatero amalume. “Bweretsa miyala! Denga lisauluke!”
Amalume anaika wayilesi pakhonde.
Anakwera pa mgolo wa madzi.
Kuchoka pa mgolo, anakwera pa denga.

Chisankho anaima pabwalo.
Dzanja ili, bulangete.
Dzanja ilo, mwala.
“Koma ndimvere ndani?”

Anapereka mwala.
Anapereka wina.
Anapereka njerwa.
Miyala inatha.

“Bweretsa mtondo!” anatero amalume.
Mayi Zipora anawakwezera mtondo.

Mphepo inayamba. Fuuu!
Lata limodzi linatukuka. Phaa! Phaa!

“Bweretsa china!”
“Kulibenso china, amalume!”

Amalume anakanda mutu.
Kenako anamwetulira.
“Ndikhalapo ndekha,” anatero. “Ndadya mandasi asanu m’mawa uno. Ndikulemera kuposa mwala.”
Ndipo anakhala pansi, pakati pa denga. Khwethe!

“Achimwene, tsikani!” anakuwa amayi.
“Achemwali, pitani. Ine ndikulondera denga.”
“Muuluka nalo!”
“Ine? Ndi mimba iyi?”

Mphepo inakula. Fuuuu!
Chipewa cha amalume chinauluka.
Chinapita osatsanzika.

Mvula inayamba. Tho! Tho! Tho!
Joe anayamba kulira.

Chisankho anayang’ana amalume pa denga.
Denga likauluka, amalume auluka nalo.
Akagwa, avulala.
Mwina sadzukanso.

“Amalume, chonde tsikani!”
Amalume anangogwedeza dzanja.

Amayi anachonderera. Amalume sanatsike.
Amayi anakalipa. Amalume sanatsike.
Mayi Zipora anawaza mchere m’mwamba.
Mchere unabwerera m’maso mwawo.
Amalume sanatsike.

Chisankho anayang’ana uku.
Anayang’ana uko.
Pakhonde, wayilesi inali kulankhulabe yokha.
“Musakwere pa denga. Pitani ku nyumba yolimba.”

Zina zonse zinali phokoso.
Koma wayilesi sinasinthe mawu ake.
M’mawa inanena zomwezo.
Tsopano inali kunena zomwezo.

Chisankho anainyamula.
Anaiika m’jumbo kuti isanyowe.
Anakweza mawu a wayilesi mpaka kumapeto.
Kenako anayamba kuyenda.

“Iwe! Iwe Chisankho!” anakuwa amalume. “Ukupita nayo kuti?”
“Ku tchalitchi, amalume.”
“Wakutuma ndani?”
“Yanena yokha. Ikuti ikufuna nyumba yolimba.”
“Bweza!”
“Sikukumvani, amalume. Muli kutali.”

Amayi anayang’ana Chisankho.
Anayang’ana amalume.
Anabisa kaseko m’chitenje.
“Tiye mwanangu,” anatero. “Fulumira.”

Amalume anayang’ana denga.
Anayang’ana wayilesi.
Denga. Wayilesi.
Denga. Wayilesi.

Wayilesi inali kupita.
Mawu ake anali kuchepa.

“Mayo ine!” anatero amalume.
Anatsika pa denga. Anaponda pa mgolo. Anafika pansi.
Patapata imodzi inatsala pamwamba.
Sanaibwerere.

Chisankho patsogolo.
Amayi ndi Joe pambuyo pake.
Mayi Zipora pambuyo pawo.
Amalume kumapeto, phazi limodzi lopanda kanthu.
“Wayilesi yanga! Igwire bwino!”

Mvula inakula.
Anafika pa mtengo waukulu wa mango.
“Tiuse apa,” anatero Mayi Zipora.
“Ayi,” anatero Chisankho. “Pansi pa mtengo ayi.”
Anapitirira.

Anafika pa ngalande.
Madzi ofiira anali kuthamanga.
“Tidumphe, n’pafupi,” anatero amalume.
“Ayi,” anatero Chisankho. “Madzi othamanga ayi.”
Anadzera njira ya kumtunda.

Pafupi ndi chigayo, waya unali pansi.
Chisankho anaima.
“Waya! Waya wa magetsi!”
Onse anaima.
Anaulambalala patali, patali kwambiri.

Anafika ku tchalitchi.
Munali anthu ambiri.
Munali ana, agogo, ndi nkhuku ziwiri m’dengu.

Amalume analanda jumbo.
Anatulutsa wayilesi.
Anaipukuta ndi malaya.
“Sinanyowe,” anatero. “Wachita mwayi, mwana iwe.”

Panja mphepo inabangula.
Zinthu zinagunda. Gu! Phwaa!
Onse anakhala kutali ndi mawindo.
Chisankho anagwira dzanja la amayi.
Amalume anakumbatira wayilesi.

Masana anadutsa.
Mphepo inatopa.
Mvula inachepa.
Wayilesi inati, “Tsopano mukhoza kutuluka. Koma yendani mosamala.”

Anabwerera kunyumba.
Makoma analipo.
Chitseko chinalipo.
Mgolo unalipo.

Denga kunalibe.

“Lapita kuti?” anafunsa Chisankho.
Anafuna kuseri. Kunalibe.
Anafuna kwa Mayi Zipora. Anapeza tayala lokha.
Anafuna ku chigayo. Anapeza mtondo.

Denga analipeza kutsidya kwa ngalande.
Linali lopindika m’munda wa chimanga.
Pa msomali wina panakola chinthu.
Inali patapata ya amalume.

Amalume anaitola.
Anaiyang’ana nthawi yayitali.
Anayang’ana kumene kuli nyumba.
Kunali kutali.


Kenako anati, “Mandasi asanu aja sakanakwanira.”

Amayi anaseka, misozi ili m’maso.
“Ndi mchere wanga uja watipulumutsa,” anatero Mayi Zipora.
Palibe anawatsutsa. Onse anali otopa.

Mawa lake dzuwa linawala.
Anthu a pafupi anabwera kudzathandiza.
Wina anabweretsa hamala.
Wina anabweretsa misomali yambiri.
Kho! Kho! Kho!
Denga linabwerera pamalo pake.
Mtondo unabwerera pansi, kwawo.

Chisankho anavalanso diresi lake lofiira.
Anakhala pakhonde ndi amayi ndi Joe.
Amalume anabwera.
Anaika wayilesi pa miyendo ya Chisankho.

“Igwire,” anatero.
“Ine, amalume?”
“Iwe. Koma usadzaithawitsenso.”

Chisankho anaigwira ndi manja awiri.
“Mukadzakweranso pa denga kuli mphepo,” anatero, “idzathawanso.”

Amayi anaseka.
Joe anaomba m’manja.
Amalume anavala patapata zonse ziwiri, nakhala pansi.