Kanyale ka Mabuleki

Watipaso anachoka kwa Jared ku Tallaght, kuno kudziko la azungu, usiku utapita kale, laputopu ili m'chikwama, mtima ukuwira. Sanatsanzike n'komwe. Anangomenyetsa geti mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa.

Mkwiyo wake unali ndi chifukwa. Watipaso ankasamalira okalamba m'nyumba zawo, m'mawa uku masana uko, ndipo ntchito yotere popanda galimoto siitheka. Mawa lake galimoto yake inkayenera kukayezedwa ku NCT, kumene amaona ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Koma kanyale kachikasu ka mabuleki kanali katayaka pa dashibodi, ndipo oyeza saseka nako kanyale kotere. Abwana ake anali atanena kale mosapita m'mbali kuti galimoto ikalephera, mashifiti ake apatsa ena.

Amene anabwera ndi nzeru anali Jared, mnzake wodziwa zonse uja, munthu woti angaphunzitse nkhuku kujompha chimanga. Anati ali ndi kebulo yolumikizira galimoto ku laputopu, komanso pulogalamu yowerenga matenda a galimoto. "Tingofufuta kanyaleko aise, five minutes basi. Aliyense amatero."

Mphindi zisanuzo zinadya madzulo onse. Pulogalamu inkangoti nthawi yake inatha, kenako n'kudzitseka. Anaichotsa, anaiikanso, anazimitsa antivayirasi, anatukwana m'zilankhulo ziwiri, koma ayi ndithu. Nthawi yonseyo kiyi anali ali chitembenuzire, mpaka batire la galimoto linafa. Apo Jared, wopanda manyazi, anati vuto ndi laputopu ya Watipaso, ndi yachikale. Mawu amenewo ndi amene anamenyetsa geti.

Luas, sitima ya m'tauni, inali itasiya kuyenda, choncho anauyamba wapansi, kamvula kakuwaza. Ankayenda akudziyankhulira yekha, kumutchula Jared mayina amene sitingalembe pano. Njira yachidule inkadutsa m'mbali mwa mpanda wa manda. Kumudzi sakanayerekeza kudutsa pamanda usiku, koma kuno ankati mizimu ya azungu sidziwa Chichewa, nanga ingamufunse chiyani?

Magetsi a mumsewu anathera pangodya. Kutsogolo kunali bii. Nsapato zake zokha ndi zimene zinkamveka.

"Achimwene, ikukana?"

Watipaso anaima. Pampanda panali patakhala munthu, miyendo ili lende, atavala jekete yakuntchito. Mvula inkagwa, koma jeketeyo inali youma.

"Ndinu ndani? Wakutumani Jared kuti mudzandiseke?"

"Ndine Ignasio. Tsegulani laputopuyo."

Mkwiyo umachititsa munthu zopusa. M'malo mothawa, Watipaso anatulutsa laputopu, kuikhazika pampanda, n'kuiphimba ndi thupi lake kuti isanyowe. Ankafuna munthuyo alephere, kuti apeze wina woti amukalipire.

"Bwezani deti," anatero mlendoyo. "Pulogalamu imeneyo imakhala m'chaka chake. Ikani November 2016."

Zala za Watipaso zinali zitauma ndi chisanu, koma anasintha detilo. Anadina.

Inatseguka! Chinthu chimene chinawakana madzulo onse chinangotseguka ngati chitseko cha kwawo.

Kuwala kwa laputopu kunagwera pamiyala ya mpanda. Kunagwera pamanja pa Watipaso. Koma pankhope ya munthu uja... ayi. Panali mdima basi. Mpweya wa Watipaso unkatuluka ngati utsi. Wa mlendoyo sunkaoneka.

Tsitsi linamuimirira.

"Mawa galimoto ikayankhula, muimvere," anatero mawu aja, ali pafupi ndi khutu lake tsopano. "Musafufute. Ine ndinafufuta..."

Watipaso anatembenuka. Pampanda panalibe munthu. Kumsewu kunalibe munthu. Anakumbatira laputopu isanatsekedwe n'komwe, liwiro!

Sanagone. Koma kutacha, mantha anachepa ndipo mkwiyo unabwerera pamalo pake, pakuti mantha salipira lendi. Anadziuza kuti anali Mmalawi wina woledzera, n'kubwerera kwa Jared. Anadzutsa batire ndi galimoto ya aneba, analumikiza kebulo pansi pa chiwongolero, ndipo pulogalamu inayamba kuwerenga. Inalemba poyera kuti pampu ya mabuleki ikufooka. Pansi pake panali batani lofufutira.

"Waona? Ndimakuuza," anatero Jared, ngati wakonza ndi iye. "Dina pamenepo tizipita."

Watipaso anaika chala pabatanipo. Kudina kamodzi kokha, kanyale kazima, ntchito yapulumuka. Pampu akanaiona mwezi wamawa, kapena winawo.

Eleanor, mkazi wa Jared, anatuluka ndi makapu a tiyi. "Yatheka, alamu? Wakuthandizani ndani?"

"Munthu wina ndinakumana naye pamanda paja. Akuti ndi Ignasio."

Eleanor anaika makapu pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana mwamuna wake, koma Jared wodziwa zonse uja anali atapeza choti aziyang'ana pansapato zake.

"Kebulo imeneyo inali ya Ignasio," anatero Eleanor. "Ankagwira ntchito yonga yanuyi. Kanyale kake kanayakanso chimodzimodzi, iye n'kukafufuta pabwalo pompano. Ku NCT anakhoza m'mawa. Madzulo ake akutsetsereka kuchokera kumapiri, mabuleki anakana."

Watipaso anachotsa chala pabatani. Anadziwa kuti mayeso a lero aluza, ndipo mashifiti apita, koma zimenezo sizinamuwawe ngati nkhope ya mnzakeyo. Anazula kebulo n'kuiponya pamapazi pa Jared.

"Iwe umadziwa zimenezi? Umadziwa, ndipo umandiuza kuti ndidine? Mwana wanga amakhala pampando wakumbuyowo!"

Jared anawerama n'kutola kebuloyo.

Watipaso anatembenukira kwa Eleanor. "Ndiye panopa amakhala kuti Ignasioyo, alamu? Ndikamuthokoze."

"Thupi lake silinapite kumudzi," anatero Eleanor motsitsa. "Ali komwe mwamupezako. Tinamuika mu November 2016."