Tisheti ya Chule Inasowa Pachingwe

Anakumana pasiteji ya basi m'mawa wina kukuzizira. Mtsikanayo anali atavala tisheti yachikasu ya katuni ya mvuu yonenepa, masaya tuu, ikunyambita ayisikilimu. Kufamase, sitolo ya mankhwala komwe ankagwira ntchito, ankamutcha Namvuu, poti matisheti otere anali nawo sutikesi yodzaza: njovu zamimba, amphaka obulungira ngati mpira, kankhumba kovala magalasi.

"Pepani achemwali, mvuu yanuyo ikundiyang'ana ngati ndaidyera kadzutsa," anatero mnyamata wina wamtali, wamawu ofatsa.

Namvuu anaseka mpaka kugwira pakamwa.

"Ine ndine mlendo kuno, ndangofika kumene. Ndimakonza mafoni. Mungandiuze basi yopita kumsika?"

Basi anamuuza, nambala anamupatsanso. Mtima ukafuna, umafunsa ndani?

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula. "Wadzuka bwanji, kamvuu kanga?" "Ndidzakusunga ngati dzira, sudzasweka m'manja mwanga." Wamafoni ankamubweretsera matisheti atsopano, lero ya chimbalangondo, tsiku lina ya bakha wamatako. Namvuu ankayenda ngati sakuponda pansi.

Tsiku lina ali pakauntala, foni inalira, meseji yalowa. "Ya mphaka yakukhalatu lero, wapamtima!"

Anamwetulira, kenako kumwetulirako kunazima. Tsikulo anali asanaonane! Anasuzumira pawindo. Kunali anthu odutsa ndi mayi wogulitsa nthochi basi.

"Wandiona uli kuti?" analemba.

"Mtima uli ndi maso, bebi."

Sipanapite nthawi, inabwera ina. "Ndani uja wajekete yakuda unkaseka naye? Kuseka kwako ndi kwanga ndekha."

Anali kasitomala chabe, wodzagula mankhwala a chifuwa! Kuyambira pamenepo Namvuu ankatembenuka pafupipafupi akamayenda mumsewu. Akafika kwa achimwene ake, komwe ankakhala, ankatseka makatani dzuwa lisanalowe.

"Mlamu, chakuvuta n'chiyani? Ukudya ngati mbalame," anafunsa akazi a achimwene ake akutsuka mbale.

"Amangondikonda kwambiri, mlamu. Ndi nsanje chabe."

"Chikondi chanji chokhala ndi maso kunkhongo? Samala, mwana iwe."

Koma Wamafoni akamuimbira ndi mawu ake ofatsa aja, mantha ankasungunuka. Munthu wokoma pakamwa chonchi angakhale woipa?

Loweruka lina masana mvula inawapeza akuchokera kumsika. Anathamangira kuchipinda cha Wamafoni, kuseri kwa sitolo ya matayala. Kanali koyamba Namvuu kulowamo. Patebulo panali mafoni ophwasulidwa, timawaya ndi tizitsulo tomasulira. Zenera linali limodzi, lotchinga ndi nsalu yakuda.

"Ukunjenjemera, duwa langa. Tsegula kabatiyo utenge chouma, ine nditereke madzi a tiyi."

Namvuu anatsegula kabati. Pansi pa malaya panali tisheti yobiriwira, yopindidwa bwinobwino. Anaifunyulula. Chule wonenepa atakhala pa tsamba, maso tuzu.

Anaiyandikiza kumaso.

Anatembenuza kolala. Ulusi wofiira unali pomwepo, pamene iye mwini anasoka itang'ambika. Inali yake! Inasowa chaka chatha pachingwe choyanikira zovala kuseri kwa nyumba yawo, mkati mwa mpanda. Achimwene mpaka anakalipira ana a aneba popanda chifukwa. Chaka chatha! Nanga munthuyu sanati wangofika kumene?

"Iyi waitenga kuti?" Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

Wamafoni anaika ketulo pansi pang'onopang'ono. Sanadzidzimuke, sanachite manyazi. Anangoyenda n'kukatsamira chitseko.

"Aa, waipeza. Usakwiye, kamvuu kanga. Ndinkakuona ukuyanika zovala, ukuimba wekha. Ndinkangofuna kanthu kako. Inkanunkhira iwe."

"Unalowa mumpanda mwathu?"

"Ndinakukonda usanandidziwe. Ndi tchimo limenelo? Ndikudziwa basi imene umakwera, mbali ya bedi imene umagona. Ndani wina angakukonde chonchi?"

Mbali ya bedi! Namvuu anabwerera m'mbuyo. Anayang'ana kiyi ali pachitseko, pafupi ndi chigongono cha mnyamatayo. Mvula inkasokosera pamalata. Akakuwa, amva ndani?

"Khala pansi, bebi. Timwe tiyi."

Namvuu anakakamiza milomo kumwetulira. "Ndiye unandikonda kalekale eti? Dikira ndiwauze mlamu kuti ndichedwa, angade nkhawa."

Anaimba. Mlamu atangoyankha, analankhula mokweza.

"Mlamu, ndili kwa Wamafoni, kuseri kwa sitolo ya matayala, chitseko chabuluu. Auzeni achimwene abwere adzanditenge. Musadule foni!"

"Anyamuka kale! Lankhula nane, mlamu, usasiye!" Mawu a mlamu pafonipo anamveka chipinda chonse.

Nkhope ya Wamafoni inasintha. Anamuyang'ana nthawi yaitali, maso ouma gwa, ngati akuyang'ana foni yomwe yamukanika. Kenako anasuntha pachitseko.

"Undisiya chifukwa cha kansalu?" anafunsa chapansipansi. "Ndinalonjeza kukusunga."

Namvuu anatsegula chitseko. Anadutsa pambali pake atagwira mpweya. Atangoponda panja anathamanga, nsapato imodzi n'kutsala m'matope. Anakumana ndi achimwene ake pakona, nawonso akuthamanga, opanda ambulera.

"Wakupanga chiyani? Ndiuze, wakugwira?"

"Ayi, achimwene. Tiyeni kunyumba, chonde, tiyeni!"

Mawa lake anapita limodzi kupolisi. Achimwene anakweza mpanda, anaika loko yatsopano pageti, ndipo m'mawa uliwonse ankamuperekeza mpaka pakhomo la famase. Nambala anasintha. Anthu anati Wamafoni wasamuka, koma palibe ankadziwa kuti wapita kuti. Foni ikalira, Namvuu ankadzidzimukabe.

Madzulo ena mlamu anamupeza atakhala pabedi, matisheti a mphatso aja ali m'thumba lotaya, misozi ili mbwembwembwe.

"Ukuliranso? Wakutumizira uthenga?"

"Ayi." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Mundiseka, mlamu. Ndikumusowa."

"Munthu ameneyo?"

"Osati ameneyo. Ndikusowa wina uja, wofatsa, amene ndinkaganiza kuti ndi wanga. Ndikamufune kuti? Kulibe! Ndinkakonda munthu woti kulibe."

Mlamu sanamuseke. Anakhala pambali pake, namugoneka mutu pamiyendo ngati mwana.

"Lira, mlamu wanga," anatero akumusisita tsitsi. "Maliro opanda mtembo nawonso ndi maliro."