Nsambo Zitatu za Bambo Namagowa

Nkhani iyi ndi ya Bambo Raymond Namagowa, woimba gitala wa ku Manje, akazi awo Mayi Janet, mwana wawo Sheila, ndi a Rafaeli a ku Bangwe, sing'anga amene anadzilemba "Dokotala" pa chikwangwani ngakhale sukulu anailekera Sitandade 3.

Gitala Bambo Namagowa ankaidziwa, koma nyimbo zawo zinalibe woimba pakamwa. Zinkayamba pansipansi ngati mvula yowaza pa malata, n'kumakula pang'onopang'ono mpaka mphindi khumi ndi zisanu. M'mabala a ku Ndirande anthu ankakuwa kuti, "Aise, ukuchunabe? Iyamba liti nyimboyo?" Zaka khumi ndi ziwiri zinatha choncho. Anzawo oimba zovinitsa anagula magalimoto. Koma Bambo Namagowa ankakwera mtunda wa ku Manje wapansi, gitala kumsana, nsanje ikuwadya.

Tsiku lina masana anapita ku Bangwe kwa a Rafaeli kukafuna mankhwala a chuma.

"Za magazi ayi, adokotala," anatero. "Ine sindingaphe munthu."

A Rafaeli anaseka, kwinaku akupaka mafuta akuda pa nsambo za gitala. "Ndani wanena za magazi, achimwene? Inu makutu anu amakonda waya, osati anthu. Nsambo ikaduka mukuimba, munthu mmodzi wa pakhomo panu simudzamumvanso. Iyeyo azikhala bwinobwino, kudya, kuseka. Ena onse azimumva. Inu nokha ayi."

"Basi?"

"Basi. Zotchipa, eti?"

Pasanathe miyezi itatu, nyimbo zomwe zija zinafalikira pa intaneti. Opanga mafilimu akunja anazigula, mahotela ankawalimbirana. Anayamba kumanga nyumba yaikulu ku Nancholi.

Nsambo yoyamba inaduka pa phwando lina la ku hotela. Atafika kunyumba, mayi awo owabereka anawalonjera. Milomo inkayenda, koma m'makutu munali zii. Wailesi ankaimva, galu ankamumva, mayi awo ayi. Yachiwiri inatenga Sheila.

"Bambo a Sheila," anatero Mayi Janet, "mwanayu wakuitanani katatu. Ndalamazi zakutsekani makutu?"

Anathamangira ku Bangwe, thukuta lili kamukamu. "Chotsani zimenezi, adokotala, chonde!"

"Siyani kuimba," anayankha a Rafaeli. "Otsalawo muziwamva. Koma umphawi ubwera ndi abale ake onse."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanaleka. Iwo anati angomaliza kufolera nyumba ya ku Nancholi. Ankaika nsambo zatsopano tsiku lililonse, n'kumaimba mwamantha ngati akugwira dzira. Yachitatu inadukabe. Madzulo ake Mayi Janet anawalandira pakhomo, koma Bambo Namagowa sanamve kanthu. Sanaulule.

Patapita sabata imodzi kunabwera namondwe wa Freddy. M'mawa wina matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, nyumba yawo ya ku Manje n'kugwa. Mayi awo owabereka ndi Sheila anali atathawira kale kutchalitchi, koma Mayi Janet anali akadali m'nyumbamo. Bambo Namagowa anakumba ndi manja kumene kunali chipinda chogona, akukuwa, "Janet! Janet! Yankha!" Zikhadabo zinazuka. Anapemphera, anatukwana, anakumbabe. Mvula ankaimva, kulira kwa anthu kutsidya ankakumva.

Patatha ola lathunthu Mayi Zuleikha, oyandikana nawo nyumba, anakwanitsa kuoloka madzi. "Kodi ndinu ogontha, bambo inu? Nthawi yonseyi akazi anu akukuitanani uku, kukhitchini!"

Panali mapazi atatu okha kuchokera pamene ankakumba. Pamene amachotsa khoma, Mayi Janet anali atatisiya.

Maliro atatha, Bambo Namagowa anaulula zonse pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Ana inu, mverani: chuma cha mankhwala sichitchipa. Chimene wadyera amachiyesa chaching'ono ndicho chimadzafunika tsiku la tsoka.

Malume a malemu, Bambo Willard Mulele, anagamula motere: gitala iphwanyidwe pomwepo, nyumba ya ku Nancholi ikhale ya mwana, ndipo Sheila akaleredwe kuchikazi ku Chilomoni, chifukwa bambo wosamva mwana wake akalira sangamusunge. Ankhoswe onse anavomereza. Mayi awo a Bambo Namagowa anavomereza. Sheila anaimirira, n'kuyang'ana bambo ake, n'kulankhula mawu amene analiza onse amene analipo. Bambo Namagowa anangoyang'ana milomo yake, kenaka anaweramitsa mutu, navomereza nawonso.