Mbala ya Buku Limodzi

Lolemba m'mawa a Pienaar, mwini sitolo ya mabuku ya ku Doornkuil mu Joni, anawerengera katundu wawo ndipo anaima mutu. Zonse zinali m'malo mwake kupatula buku limodzi, la Dr Dikeledi Mofokeng. Pa shelefu panasowa mabuku ake oposa makumi awiri, koma makina a pakauntala sankadziwa kanthu. Anaitana apolisi.

Lachinayi foni inampeza Dikeledi m'minibasi, akuchoka pa yunivesite ina kuthamangira ina. Ndiwo moyo wa madokotala a zolembalemba: digiri yaikulu, ntchito yamaganyu.

"Dokotala, mabuku anu aja akutha," anatero a Pienaar.

"Ndinaona Loweruka, bambo! Muitanitse ena msanga."

"Sakugulidwa, mayi. Akubedwa. Bwerani, apolisi akukufunani."

Dikeledi anaseka. Mu Joni muno, mafoni ali mbwee, ndani angabe buku? Koma pofika pa siteji mtima unali utamira.

Buku limenelo analilemba zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndi lomwe linampatsa udokotala. Mwamuna wake Moeketsi anavala naye mkanjo wa udokotala tsiku limodzi, koma lake buku osindikiza onse analikana, moti ankangokonza zolemba za ana asukulu pakhomo. Pa anthu asanu ndi anayi a m'kalasi mwawo, wosindikizidwa anali Dikeledi yekha.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Buku linatha miyezi inayi pa shelefu popanda wolikhudza. Lamulo la masitolo n'lodziwika: buku losayenda limabwezedwa kwa osindikiza, iwo n'kuligaya kupanga mathireyi a mazira. Dikeledi ankapita Loweruka lililonse kukaliona ngati wozonda wodwala. Anasiya kudya, anasiya kuseka. Anauza Moeketsi kuti likangobwezedwa, sadzagwiranso cholembera.

Kenako mabuku anayamba kuchepa. Sabata ino limodzi, yamawa awiri. Mayi uja anadzuka. Anayamba buku lachiwiri, n'kumaimba m'bafa. M'minibasi ankayang'ana nkhope za anthu n'kumati mumtima, mwina uyu wandiwerenga.

Cha m'ma 11 koloko analowa mu kaofesi ka kuseri kwa sitolo. Anapezamo a Pienaar ndi Sajeni Hlatshwayo, mayi wojintcha, akutafuna chingamu patsogolo pa kanema wa makamera.

"Khalani, mayi. Kamera ikukuonetsani pa shelefu iyi Loweruka lililonse. Mumadzatani?"

"Kudzaona buku langa."

"Kunyumba mulibe lanu?"

"Lilipo."

"Ndiye mumadzalipatsa moni?"

Dikeledi anangowerama ndi manyazi. Sajeni anaseka pang'ono.

"Musaope, inu simulikhudza n'komwe. Wathu ndi uyu. Amabwera Lachinayi masana."

Pa kanema panaoneka mwamuna wa chijasi chachikulu, chipewa chili pamaso, atafulatira kamera. Anatenga mabuku awiri n'kulowetsa m'jasi. Koma sanathawe. Anaima n'kusuntha mabuku a anthu ena, natembenuza limodzi la Dikeledi kuti chikuto chake chiyang'ane odutsa. Analisisita ndi chala, n'kutuluka.

"Zaka zonsezi sindinaonepo mbala yokonza shelefu," anatero Sajeni.

"Amachita zimenezo ndi alembi okha ndi abale awo," anayankha a Pienaar. "Amatisokonezera mashelefu tsiku ndi tsiku."

Dikeledi anasendera pafupi ndi kanema. Kasisitidwe kameneko ankakadziwa. Tsiku limene bukulo linafika m'sitolo, Moeketsi analitembenuza chomwecho, akunong'ona kuti buku losaonetsa nkhope silikwatiwa.

"Mukumudziwa?" anafunsa Sajeni.

"Ayi."

Dzanja la Dikeledi linali litalowa kale m'chikwama kufuna foni.

"Foni patebulo, mayi. Apa."

Anaiika. Onse atatu anaika maso pa kanema amene tsopano ankaonetsa zochitika m'sitolo nthawi yomweyo. Dikeledi anapemphera kuti minibasi ife panjira, kuti mvula igwe, kuti munthuyo adwale mutu. Nthawi itangopitirira 12 koloko chijasi chija chinalowa.

Anamuona akuyenda molunjika ku shelefu. Panali mabuku atatu. Anatenga limodzi, natembenuza lina, n'kulisisita.

Wapolisi wina wovala zawamba anamgwira pakhomo. Panalibe kulimbana. Chipewa chinagwa, buku linatsetsereka m'jasi n'kugwera pa simenti. Moeketsi anawerama msanga kulitola n'kulipukuta fumbi, kenako anapereka manja.

Atatukula maso anaona mkazi wake akutuluka mu kaofesi kaja.

"Dokotala," anatero, monga ankaitanirana kunyumba moseka. Lero panalibe woseka.

"Moeketsi, wandichita chiyani?"

"Unasiya kudya, Dikeledi."

"Ndiye n'kundinamiza? Ndakhala ndikulembera ndani miyezi yonseyi?"

"Ndinkafuna kuwagula, koma ndikanagula ndi chiyani? Ndinati nditenge limodzi lokha. Loweruka lake unabwera kunyumba ukuimba. Ndikanasiya bwanji?"

"Mabukuwo ali kuti, bambo?" anafunsa Sajeni.

"Mu sutikesi, pamwamba pa wadirobu. Onse ali bwino, sindinapinde ngakhale tsamba."

Dikeledi analira pamaso pa anthu, osabisa. Ankalirira mwamuna wake ali mu unyolo, ankaliriranso owerenga ake aja a m'minibasi, amene anafa onse nthawi imodzi.

A Pienaar anayandikira, akupukuta magalasi. Chisoni chinali chitawagwira.

"Dokotala, si onse anabedwa. Limodzi linagulidwa ndithu, mwezi wa Meyi. Makina akuonetsa. Wogulayo sindikumukumbukira."

Dikeledi anathamangira kugalimoto ya polisi, chitseko chisanatsekedwe.

"Limodzi lija, ndiwe?"

"Ayi."

"Usandinamizenso, Moeketsi."

"Ndikulumbira. Limenelo si ine. Alipo wina wake, Dokotala. Ukamalize lachiwiri lija."

Anamuyang'anitsitsa, kufuna kupeza bodza pankhope pake kapena choonadi. Sanapeze chilichonse. Munthuyu anali atamunamiza miyezi itatu akudya naye mbale imodzi, iye osazindikira.

Chitseko chinatsekedwa. Sajeni anati mlandu ukalowa m'khoti Lolemba, ndipo galimoto inakhota n'kusowa pakati pa maminibasi.

Dikeledi anabwerera m'sitolo kukatenga foni yake. Podutsa pa shelefu anapeza buku lija likuyang'anabe kukhomo, monga analisiyira Moeketsi, dzina lake likuwala pachikuto. Anthu ankalidutsa kupita kokagula manyuzipepala.

Anatambasula dzanja kuti alibweze m'mbali ngati anzake. Dzanja linakana. Analisiya momwemo, likudikira.